Mawu a mlendo wolemekezeka potseka maphunziro a kalembedwe ka mbiri ya mabanja ku Chinyunyu

 

Inu achinyamata amene mwamaliza maphunzirowa, ndaona ntchito yanu ndipo mtima wanga wakondwa. Mwalemba mayina amene sanalowepo m'kaundula wa boma. Lamulo loti mwana aliyense wobadwa m'Zambia alembetsedwe linabwera mu 1973, ndipo ambiri mwa azigogo ali panowa anabadwa lisanafike. Chitupa cha NRC chimatchula mudzi ndi mfumu, koma sichinena kuti amayi a agogo anu anali ndani. Kuno kwa Asoli, kumene mtundu umatsata kuchikazi, dzina limenelo ndi limene limafunidwa pakabuka nkhani ya munda kapena ya ufumu wa mudzi. Azigogo, zikomo polola kuti ana awa akhale pamphasa panu ndi kukufunsani.

Tsono ndili ndi funso kwa inu achinyamata. Zimene mwalembazo zili kuti?

Mukati zili m'kompyuta, simunandiyankhe. Pulogalamu iliyonse ili ndi malo amene imaikako fayilo ngati inu simunaiuze kwina. Zambiri zimaika m'foda ya Documents. Pulogalamu ya Gramps, imene ambiri amaikonda chifukwa ndi yaulere, imasunga zake m'foda yobisika, moti munthu akhoza kukopera Documents yonse n'kumaganiza kuti watenga zonse, pamene mibadwo ya banja lake yatsala m'makinamo. Mawu a agogo amene munajambula pafoni ali m'foni momwemo basi. Foniyo ikabedwa pa Soweto Market, kapena wokonza akaifulasha, mawuwo apita, ndipo mwina mwini mawuyo sadzakhalapo kuti abwereze. Musachoke pano musanatsegule pulogalamu yanu ndi kuona ndi maso anu pamene ikusunga. Ngati malowo sakukusangalatsani, asintheni lero.

Aphunzitsi akuuzani zosunga pa intaneti, ndipo ine ndikuvomereza, chifukwa moto kapena chiswe sizifika kumeneko. Koma dziwani kuti zinthu zanu zimakakhala m'makompyuta a kampani, ndipo kampaniyo ili ndi malamulo ake. Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, koma malo omwewo mumagawana ndi makalata a Gmail ndi zithunzi zanu. OneDrive imapereka 5 GB. Kuyambira mu Disembala 2023, Google ili ndi ufulu wofufuta akaunti imene yatha zaka ziwiri osatsegulidwa. Makompyuta ambiri atsopano a Windows amatha kusamutsira Documents ku OneDrive munthu atangovomera osawerenga. Ndiye funsani kuti akauntiyo ndi ya ndani. Ngati ndi ya aphunzitsi, tsiku limene adzasamutsidwe mbiri ya mudzi wonse idzakwera nawo basi. Ngati yamangidwa pa nambala ya foni ya mnyamata mmodzi, ndipo simu yake yatsekedwa chifukwa chosagwiritsa ntchito, banja lonse latsekeredwa kunja. Nkhani iyi ndi imene ikundidetsa nkhawa kuposa zonse. Pasiwedi ya mbiri ya banja aidziwe anthu awiri kapena atatu, ndipo mmodzi akhale wamkulu amene banja limamudalira, kaya malume, kaya azakhali, ngakhale atakhala kuti kompyuta saidziwa. Ilembedwe papepala, isungidwe pamodzi ndi makalata a munda.

Chenjezo lina ndi laling'ono koma kulinyalanyaza kwawonongetsa ntchito za anthu. Fayilo imene mukugwirirapo ntchito tsiku ndi tsiku isakhale m'foda imene imadzitumiza yokha pa intaneti. Netiweki ikaduka pakati, kapena anthu awiri akaitsegula nthawi imodzi, imatha kuwonongeka. Gwirirani ntchito pa kompyuta, mukamaliza pangani kope, kopeyo ndiyo mutumize. Pangani kope ya mtundu wa GEDCOM, umene unayambitsidwa mu 1984 ndi mpingo umene umayendetsa webusaiti ya mbiri ya mabanja ya FamilySearch. Mapulogalamu ambiri a mbiri ya mabanja amatha kuuwerenga, choncho simukhala kapolo wa pulogalamu imodzi. Kumbukirani kokha kuti GEDCOM imanyamula mayina, masiku ndi maubale. Zithunzi ndi mawu ojambulidwa muzikopere pazokha.

Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene magetsi ankazimira tsiku lonse. Mabandulo nawo amafuna ndalama. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. N'chifukwa chake ndikupempha kuti banja lililonse likhale ndi kope pa fulashi imene ili m'nyumba ina, osati momwe muli kompyuta, ndiponso kope yosindikizidwa papepala yoti agogo aigwire m'manja, aimve ikuwerengedwa, akonze pamene mwalakwitsa.

Si zonse zimene agogo anakuuzani zili zoika poyera. Manambala a NRC a anthu amoyo, nkhani za matenda, za ana amene bambo awo satchulidwa, zimenezo ndi za m'nyumba. Musanaike chilichonse poti dziko lonse lione, funsani eni ake.

Mafumu, pempho langa kwa inu ndi ili: nthawi ya mwambo wa Chibwela Kumushi, pamene abale a ku Lusaka ndi ku Chongwe abwera kumudzi, patulani madzulo amodzi kuti ana awa awerenge zimene alemba pamaso pa mabanja awo, ndipo aliyense wobwerera kutauni anyamule kope yake.

Wapampando, ndi chilolezo chanu, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa. Ophunzira abwere kutsogolo kuno alandire masatifiketi awo.