Chakudya, Tirigu ndi Nthenda ya Mphumu



Nkhani imene yasonkhanitsa anthu pano lero ndi ya mpweya, chinthu chimene munthu sachiganizira kufikira tsiku limene chamuchepera. Nthenda ya mphumu ndi yodziwika m'mudzi uliwonse ndi m'tawuni iliyonse. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu okwana 262 miliyoni pa dziko lonse anali ndi nthendayi, ndipo anthu 455,000 anamwalira nayo m'chaka chomwecho. Ambiri mwa omwalirawo anali a m'maiko osauka, kumene odwala amachedwa kupimidwa ndiponso mankhwala oyenera sawapeza msanga.

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'maofesi, m'misika ndi pa mafoni a m'manja, akuti munthu wa mphumu akasiya buledi, mandasi ndi zonse za tirigu, nthendayo imatheratu, ndipo mankhwala a kuchipatala safunikanso. M'mawu amenewa muli kachoonadi pang'ono, koma bodza ndilo lachuluka, ndipo bodzalo likhoza kutengera munthu kumanda. Mtsogoleri amene anthu amamufunsa nzeru ayenera kupeta nkhaniyi monga mmene mayi amapetera mphale, kuti madeya apite paokha.

Poyamba, mphumu ndi chiyani? M'mapapo a munthu muli tinjira tambirimbiri todutsamo mpweya. Kwa munthu wa mphumu, m'kati mwa tinjira timeneti mumakhala motupa nthawi zambiri, ngakhale pa masiku amene iye akudziona ngati ali bwino. Akakumana ndi chinthu chomutokosa, minofu yozungulira tinjirato imafinya, makhololo amachuluka, ndipo mpweya umavutika kutuluka. Apa ndi pamene wodwala amatsokomola, makamaka usiku ndi mbandakucha, m'chifuwa mumalira ngati mluzu, ndipo amabanika. Zotokosa zimene zimapezeka kwambiri ndi chimfine, utsi wa nkhuni, wa makala ndi wa fodya, fumbi la m'nyumba, mphemvu, ubweya wa amphaka ndi agalu, mungu wa maluwa, ndiponso kuzizira monga kwa miyezi ya June ndi July. Chakudya chilimo m'gulu limeneli, koma chili kumapeto, osati kumayambiriro.

Chachiwiri ndi nkhani ya ziwengo. Makolo ankadziwa kuti pali munthu amene nsomba, mazira kapena nyama ina imamuwenga, ngakhale kuti anzake akudya mbale yomweyo popanda vuto. Akatswiri anadzapeza chifukwa chake. M'zaka za 1966 ndi 1967, Kimishige Ishizaka ndi mkazi wake Teruko ku Denver m'dziko la America, ndiponso Gunnar Johansson ndi Hans Bennich ku Uppsala m'dziko la Sweden, anazindikira kachitetezo kena ka m'magazi kamene kanatchedwa IgE. Thupi la munthu wowengedwa limalakwitsa, n'kuyesa chakudya chabwinobwino ngati mdani, ndipo limapanga IgE wolimbana nacho. Munthuyo akadyanso chakudyacho, thupi limatulutsa mwadzidzidzi mankhwala ake ake, monga histamine, amene amatupitsa khungu, milomo, matumbo ndi njira za mpweya.

Tirigu ndi chimodzi mwa zakudya zimene zimawenga anthu motere, pamodzi ndi mkaka, mazira, mtedza, soya, nsomba, nkhanu ndi chitowe. Ziwengo za tirigu zimaoneka kwambiri mwa ana aang'ono, ndipo ambiri mwa iwo zimawathera akamakula. Chizindikiro chake chachikulu ndi changu: pasanathe maola awiri chidyereni, ndipo nthawi zambiri patangopita mphindi zochepa, khungu limachita totupa toyabwa, milomo kapena zikope zimatupa, mwana amasanza, ndipo mwina amayamba kubanika. Si kawirikawiri kuti chakudya chidzutse mphumu yokha popanda zizindikiro zina za pakhungu kapena m'mimba. Motero munthu amene wakhala akudya sikono m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri popanda chomuchitikira atangodya, n'zokayikitsa kuti tirigu ndiye gwero la mphumu yake.

Komabe pamene ziwengo zenizeni zakumana ndi mphumu mwa munthu mmodzi, ngozi imakula kwambiri. Pali mkhalidwe woopsa umene madokotala amautcha anaphylaxis, pamene pakhosi pamatupa, mpweya umatsekeka, magazi amasiya kuthamanga bwino, ndipo munthu amakomoka. Anthu a mphumu, makamaka amene mphumu yawo siikusamalidwa bwino, ndiwo amene ali pa chiopsezo chachikulu chofa ndi vuto limeneli. Mankhwala ake ndi jekeseni wa adrenaline wobaya pa ntchafu mosataya nthawi. Munthu wotere sagonekedwa kuti aone mmene kuchere, ndipo samwetsedwa madzi kapena zitsamba. Amathamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Pali mtundu wina wodabwitsa wa ziwengo za tirigu umene umagwira achinyamata ndi akuluakulu. Munthu akadya buledi n'kukhala pansi, palibe chimene chimachitika. Akathamanga asanadye, palibenso vuto. Koma akadya za tirigu n'kupita kukasewera mpira kapena kukagwira ntchito yolemetsa patangopita maola ochepa, amagwidwa koopsa. Mowa ndi mankhwala a aspirin zimaonjezera ngoziyi. Ku Japan, sopo wina wosambira kumaso amene munali zinthu zochokera ku tirigu anachititsa kuti anthu oposa 2,000 ayambe kuwengedwa ndi tirigu, ndipo sopoyo anachotsedwa pa msika m'chaka cha 2011. Izi zinaphunzitsa dziko lapansi kuti thupi likhoza kuyamba kudana ndi chakudya kudzera pa khungu, osati m'kamwa mokha.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chokhudza kwambiri anthu apantchito, ndi fumbi la fulawa. Njira yodziwika bwino imene tirigu amayambitsira mphumu mwa akuluakulu si kudya ayi, koma kupuma. M'chaka cha 1700, dokotala wa ku Italy dzina lake Bernardino Ramazzini anatulutsa buku lofotokoza matenda a anthu a ntchito zosiyanasiyana, ndipo m'menemo analemba za ophika buledi ndi opera tirigu amene ankatsokomola ndi kubanika chifukwa cha ufa wouluka. Patapita zaka zoposa 300, vutoli likadalipo. Ku Britain, bungwe loona za chitetezo cha anthu pa ntchito la Health and Safety Executive limaika fumbi la fulawa pakati pa zinthu zotsogola zoyambitsa mphumu ya pa ntchito, pamodzi ndi penti wopopera magalimoto. Kuwonjezera pa tirigu weniweniyo, palinso mankhwala otchedwa amylase amene amathiridwa mu fulawa kuti buledi afufume bwino, ndipo nawonso amawenga ena.

Dziko la Malawi limalima tirigu wochepa, m'madera ozizira monga ku Neno ndi ku Tsangano m'boma la Ntcheu, ndipo wambiri amachokera kunja. Ngakhale zili choncho, anthu ogwira fulawa tsiku ndi tsiku ndi ochuluka: a m'mafakitale opera tirigu, a m'malo ophikira buledi, ophika m'sukulu zogonera komweko, ndi amayi amene amadzuka usiku kukanda mandasi ndi masikono m'kakhitchini kopanda zenera kuti apeze fizi ya ana. Chizindikiro chofunika kuchitchera khutu ndi ichi: munthu amayetsemula, maso amayabwa, mphuno imachucha ndipo chifuwa chimathina akakhala pa ntchito, koma amapezako bwino pa Sabata kapena akapita ku tchuthi. Wotere akachotsedwa msanga pa fumbilo akhoza kuchira, koma akapirira zaka zambiri mapapo ake amaonongeka mosabwereranso. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa anthu amenewa amadya buledi popanda vuto lililonse. Choti apewe ndi fumbi, osati chakudya.

Njira zochepetsera fumbili si zodula. Thumba la fulawa likhuthulidwe pang'onopang'ono, osalikutumula. Makina okandira ayambe mwapang'onopang'ono kufikira fulawa atanyowa. Pansi pakolopedwe ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa ndi tsache louma. Mazenera akhale otsekula, ndipo pa ntchito za fumbi lambiri anthu apatsidwe zophimba kukamwa ndi mphuno zoyenera. Malangizo omwewa ndi othandizanso kwa anyamata a pa chigayo, amene tsiku lonse amakhala ali mbuu ndi ufa.

Ziwengo za tirigu zisasokonezedwe ndi nthenda ina yotchedwa coeliac, imene imagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse m'maiko ambiri. Nthenda imeneyi imaononga matumbo munthu akamadya gluten, chinthu chimene chimapangitsa fulawa wokandidwa kutamuka. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, ndiye anatsimikiza kuti tirigu ndi amene amaiyambitsa, ndipo analemba zimenezi m'chaka cha 1950. Zizindikiro zake ndi kutsegula m'mimba, kuchepa magazi ndi kupinimbira. Mphumu si chizindikiro chake, ndipo zakudya zolembedwa kuti mulibe gluten sizichiza mphumu mwa munthu amene tirigu samuwenga.

Chachinayi, pali njira zina zimene chakudya chimakhudzira mphumu popanda ziwengo. Mankhwala osungira zakudya otchedwa sulphite, amene amapezeka mu vinyo, mu zipatso zouma za m'mapaketi ndi mu zakumwa zina za m'mabotolo, amabanikitsa odwala ena, kotero kuti m'chaka cha 1986 dziko la America linaletsa kuwathira pa zipatso ndi ndiwo zamasamba zodya zosaphika. Chilungulira nachonso chimadzutsa chifuwa usiku, n'chifukwa chake kudya mokhutitsa kwambiri n'kugona nthawi yomweyo si bwino. Kunenepa kopitirira muyeso kumapanikiza mapapo ndipo kumachititsa kuti mphumu ivute kuigonjetsa, ndipo ambiri amene achepetsako thupi amapuma bwino. Apa ogwira ntchito m'maofesi, amene amakhala pa mpando tsiku lonse n'kumadya tchipisi ndi zakumwa zotsekemera masana alionse, ayenera kudzifunsa. Koma mawu akuti mkaka umachulukitsa makhololo akatswiri anawayesa ndipo sanawapeze oona. Mwana amene mkaka sumuwenga asamanidwe.

Kafukufuku wamkulu wotchedwa ISAAC, amene anafunsa ana pafupifupi theka la miliyoni m'maiko ambiri, anaulutsa zotsatira zake zokhudza chakudya m'chaka cha 2013. Anapeza kuti ana odya zakudya zokazinga za m'malesitilanti katatu kapena kupitirira pa mlungu ankavutika kwambiri ndi mphumu, pamene odya zipatso katatu kapena kupitirira pa mlungu ankavutika pang'ono. Kafukufukuyu anaonetsa kuti zinthuzi zimayendera limodzi, ngakhale sanatsimikize kuti china ndicho chimabala chinzake. Komabe phunziro lake likugwirizana ndi zimene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mango, mapapaya, magwafa, malambe, bonongwe, nkhwani ndi chisoso zili pakhomo, ndipo sizifuna ndalama zakunja.

Kwa munthu amene achipatala atsimikiza kuti tirigu amamuwenga, dziko lino lili ndi mwayi umene maiko odalira buledi alibe. Nsima ya chimanga, kondowole, mpunga, mbatata, chinangwa, mapira, mawere ndi nthochi zonsezi mulibe tirigu. Chofunika ndi kufunsa ndi kuwerenga zolembedwa pa paketi, popeza fulawa amabisala mu masoseji, mu supu wa m'mapaketi, mu mabisiketi, mu samusa, ndipo ena amamusakaniza mu zigumu ndi zitumbuwa. Safunsa anadya phula.

Koma kusala zakudya mwa mphekesera kuli ndi mtengo wake. M'dziko limene ana ambiri ndi opinimbira kale, kumana mwana mazira, mkaka, nsinjiro ndi usipa chifukwa chongoganizira ndi kumuonjezera nthenda yachiwiri pamwamba pa yoyamba. Kholo limene likukayikira chakudya china lilembe chimene mwana wadya, nthawi imene wadya ndi chimene chachitika, ndipo likaonetse achipatala. Chakudya chimene chinabanikitsapo mwana chisayesedwenso kunyumba.

Choopsa koposa zonse ndi kutaya mankhwala. Mankhwala opopera m'kamwa alipo a mitundu iwiri. Ena, monga salbutamol, amatsekula njira za mpweya mwamsanga munthu akabanika. Ena, monga beclometasone, amaphwetsa kutupa kwa m'kati ndipo ndiwo amateteza moyo. M'chaka cha 2019, bungwe la Global Initiative for Asthma linasiya kulangiza kuti achinyamata ndi akuluakulu azidalira mankhwala otsekula okhawo popanda ophwetsa kutupa. Mankhwala opopera sazolowereka ngati fodya, ndipo si chizindikiro chakuti wodwala watsala pang'ono kufa, monga ena amanenera. Ku Cape Town, Dr Heather Zar ndi anzake anaonetsa m'chaka cha 1999 kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500, likabooledwa kumatako kwake n'kulowetsamo chopopera, limathandiza mwana kukoka mankhwala mofanana ndi chipangizo chogula. Achipatala angathe kuonetsa makolo kakonzedwe kake.

Tsono udindo wa atsogoleri ndi wotani? Wapampando wa m'dera akamva kuti banja lina laletsa wodwala mankhwala chifukwa cha uphungu wa pa foni, apite akalankhule nalo mwaulemu. Mphunzitsi wamkulu adziwe ana a mphumu ndi a ziwengo pa sukulu yake, ndipo awalole kusunga mankhwala awo pafupi, osati mu ofesi yokhoma. Oyendera malo a ntchito asamangoyang'ana ziphaso ndi ukhondo wa buledi, koma aonenso mpweya umene ophikawo akupuma. Mwini bekale asachotse ntchito munthu wobanika, koma amusunthire ku mbali yopanda fumbi ndi kumutumiza kuchipatala. Oyang'anira mankhwala m'maboma aonetsetse kuti adrenaline ndi mankhwala opopera a mitundu yonse iwiri akupezeka kufikira m'zipatala zazing'ono za kumidzi.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwana amene akubanika usiku m'nyumba ya mnansi, ndi mayi amene akutsokomola pa beseni la fulawa mbandakucha, onsewa ndi anthu amene mtundu ukuwadalira pa ntchito ya chitukuko. Aliyense amene wamva mawu awa apite nawo ku nthambi yake, ku ofesi yake ndi kumudzi kwawo, akawafotokoze monga mmene alili, osaonjezera ndiponso osachotsera.