Liŵiro ndi Magetsi a RAM: Kuthamanga Sikufika

Omvera m'maboma onse amene ali ndi kompyuta ya patebulo, kunyumba, kusukulu kapena kuofesi, ayenera kuti anakumanapo ndi vuto ili: makina akugwira ntchito bwinobwino, mwadzidzidzi aima, kapena azima n'kudziyatsanso okha, ntchito ya tsiku lonse n'kutayika. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi vairasi. Koma nthaŵi zina vuto limakhala pa timatabwa ta m'kati totchedwa RAM. Nkhani ya lero ikufotokoza za liŵiro la RAM ndi mphamvu ya magetsi imene imadya.

RAM ili ngati tebulo la kalaliki. Mafailo amasungidwa m'kabati, koma amene akugwiritsidwa ntchito amayalidwa patebulo. Tebulo likamagwedera, kalaliki amalemba 8 pamene panayenera 3, ndipo pepala lolakwikalo limabwerera m'kabati popanda wodziŵa. Chomwechonso RAM yosakhazikika. Kuzima kwa makina aliyense amakuona, koma choopsa koposa ndi kaundula wa ndalama kapena wa mayeso amene waonongeka mwakachetechete.

Bungwe la JEDEC ndilo limaika miyezo ya RAM. Mtundu wa DDR3, umene unafika pamsika mu 2007, umadya 1.5 volts, DDR4 ya mu 2014 imadya 1.2 volts, ndipo DDR5, imene miyezo yake inatuluka mu 2020, imadya 1.1 volts. Magetsi a pakhoma ndi 230 volts, koma makina amatsitsa mphamvuyo kufikira yochepa chotere. Motero pa RAM kusiyana kwa 0.1 volts si kanthu kakang'ono ai.

Munthu akagula DDR4 yolembedwa 3600 pabokosi, kaŵirikaŵiri amadabwa kuona ikuyenda pa 2133 kapena 2400. Sanaberedwe. Kompyuta imayamba ndi liŵiro la JEDEC, limene makina onse amalitha. Liŵiro la pabokosi linasungidwa pa RAM pomwepo mwa dongosolo lotchedwa XMP, limene kampani ya Intel inayambitsa mu 2007, kapena EXPO, limene AMD inatulutsira DDR5 mu 2022. Mwini makina amalisankha yekha mu BIOS, m'mene amaloŵa pobanda batani la Delete kapena F2 makina akangoyaka. Akatero liŵiro limakwera, ndipo magetsi a DDR4 yambiri amakwera kufika 1.35 volts.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Chimene chimalamulira RAM chili m'kati mwa purosesa, ndipo si purosesa iliyonse imene imapirira liŵiro lalikulu. Timatabwa tinai timaitopetsa kuposa tiŵiri. Timatabwa togulidwa padera, ngakhale tofanana dzina, nthaŵi zina sitimvana. Pa motherboard zambiri za mipata inai, timatabwa tiŵiri timaikidwa pa mpata wachiŵiri ndi wachinai kuchokera ku purosesa. Buku la makinawo limanena. Safunsa anadya phula.

Mmisiri wanzeru amatsata njira iyi. Choyamba, amalemba papepala manambala onse asanasinthe kanthu. Chachiŵiri, amasintha chinthu chimodzi chokha, pakuti wosintha zitatu nthaŵi imodzi sadziŵa chimene chathandiza kapena chaononga. Chachitatu, amayesa. Pulogalamu ya MemTest86, imene Chris Brady analemba mu 1994, imaikidwa pa fulashi, ndipo imalemba ndi kuŵerenga malo onse a RAM mobwerezabwereza. Iyenera kuzungulira kanai, kapena kusiyidwa usiku wonse. Cholakwa chimodzi chokha n'chokwanira kunena kuti makina sanakhazikike.

Cholakwa chikapezeka, mankhwala oyamba ndi kutsitsa liŵiro, kuchoka pa 3600 kubwera pa 3200. Achiŵiri ndi kupatsa RAM mpata wopumira, pokweza nambala ya CL, imene imanena nthaŵi yodikira isanayankhe, kuchoka pa 16 kufika pa 18. Magetsi amakhudzidwa pomalizira, ndipo munthu wamba asapitirire nambala yolembedwa pa kapepala ka pa RAM. Magetsi ochuluka amabala kutentha, ndipo kutentha kumafupikitsa moyo wa zipangizo. Mu 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000 anapsa chifukwa magetsi a chigawo cha SoC, m'mene muli cholamulira RAM, anakwera mopitirira muyezo. AMD inaika malire a 1.3 volts kudzera mu BIOS yatsopano. Motero BIOS yakale iyenera kusinthidwa.

Makina akakana kuyaka atasinthidwa, mwini asataye mtima. Azule chingwe cha pakhoma, achotse kabatire kobulungira ka CR2032 pa motherboard kwa mphindi zingapo, kenaka akabwezere. BIOS imabwerera pa miyezo yake yoyamba. Akumbukirenso kuti makina amene anapambana mayeso m'chisanu cha Juni akhoza kulephera m'kutentha kwa Okutobala, makamaka ngati fumbi latseka mafani.

Polemba makalata ndi poŵerengera ndalama, kusiyana kwa 3200 ndi 3600 maso sangakuone. Koma kaundula wolakwika amasautsa sukulu kapena sitolo kwa miyezi. Wofuna makina omuthandiza zaka zambiri asankhe liŵiro limene lapambana mayeso a usiku wonse, ngakhale likhale lochepera la pabokosi. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.