Apilo pa Mlandu wa Kuba ndi Zida

Lero tikamba za munthu amene khoti la High Court lampeza ndi mlandu wa kuba moopseza ndi zida, koma iye sakhutira ndi ciweruzo.

Mlandu umenewu uli m'gawo 294 la Penal Code, buku la malamulo a zilango m'Zambia muno, ndipo ndi wolemera ndithu. Wopezeka nawo sakhala m'ndende zaka zocepera 15. Ngati anagwira mfuti, cilango cinali imfa kufikira m'December 2022, pamene cilango ca imfa cinacotsedwa m'buku limeneli. Tsopano ndi ndende ya moyo wonse. Cifukwa cace lamulo limlola kucita apilo, ndiko kupempha oweruza aakulu kuti apendenso mlandu wace. Kuyambira 2016 apilo yotere iyamba yapita ku Court of Appeal, ndipo akaloledwa afika nayo ku Supreme Court. Wosowa ndalama za loya athandizidwa ndi a Legal Aid Board.

Tsono mverani bwino apa, pakuti ngakhale akulu ambiri asokonezeka. Tinene kuti apolisi anasecha nyumba yace popanda cikalata ca cilolezo cocokera kwa majisitireti, napeza katundu wobedwa pansi pa bedi. Kodi amasulidwa cifukwa ca ico? Inu mungayankhe kuti inde, koma makhoti athu ati iai. M'caka ca 1976, pa mlandu wa Liswaniso, wapolisi amene anazengedwa mlandu wolandira ciphuphu, Supreme Court inagamula kuti cinthu copezeka pa kusecha kosatsata lamulo cilandiridwa monga umboni, malinga cikhudza mlanduwo. Oweruza sanayamikire kusecha kotero, ndipo wolakwiridwa angathe kusumira omsechawo pa mlandu wina. Koma katunduyo anapezekadi, ndipo kulakwa kwa apolisi sikumsandutsa bodza. Kwa ine ciganizo ici ndi cowawa pang'ono, pakuti nyumba ya munthu ndi malo aulemu. Komabe ndilo lamulo.

Mau a pakamwa ndi nkhani ina. Ngati munthu anavomera mlandu atamenyedwa kapena kuopsezedwa, mauwo khoti liwakana, pakuti womva ululu avomera ngakhale cimene sanacite.

Pa apilo oweruza kawiri-kawiri saitananso mboni. Awerenga zolembedwa za mlandu woyamba, nafunsa: kodi mboni inamuona bwino wakubayo, kapena kunali mdima, iyo ili kunjenjemera ndi mantha? Nanga mfutiyo inali yeni-yeni? Pa mlandu wa Timothy ndi Mwamba, m'caka ca 1977, anagamula kuti boma liyenera kutsimikiza kuti cidaco ndi mfuti yokhoza kuombera. Likalephera, mlandu wa mfuti ugwa, koma wa kuba moopseza ungatsale, ndipo munthuyo abwerera kundende ndi cilango cocepako.