MAPHUNZIRO A MALONDA A KUNJA: MAWU KWA MAKOLO A KU CHIPUTULA

Loweruka lina masana makolo ndi ana awo a Folomu 4 anasonkhana ku Chiputula, mu mzinda wa Mzuzu, kudzamva mphunzitsi wina wa zamalonda. Nkhani yake inali ya digiri ya malonda a pakati pa mayiko, imene pa Chingerezi amaitcha International Business. Zimene analankhula ndi izi.

Mphunzitsiyo anayamba ndi funso limene makolo amakonda kufunsa. Anati: "Alipo amayi muno m'Chiputula amene amakwera basi kupita ku Songwe, nawolokera ku Kyela kukagula zitenje zodzagulitsa pa msika wa Taifa. Ena a iwo sanafike ndi ku sekondale komwe, koma ana akudya. Nanga mwana akatayirenji zaka zinayi ku yunivesite kuphunzira chinthu chimene amake achidziwa kale?"

Iye anati funsoli ndi lanzeru, pakuti amayi otere ali pa malonda a pakati pa mayiko ndithu. Koma pali zinthu zitatu zimene zimagwetsa wamalonda katundu akachuluka, ndipo zitatuzo ndizo mwana amakaphunzira.

NDALAMA ZA MAYIKO ENA

Choyamba ndi kusinthana kwa ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu, kotero kuti dola imodzi ya ku America, imene inali pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700. Munthu amene anatenga katundu wa madola 1,000 pa ngongole anali kuyembekeza kulipira K1,180,000, koma anadzuka m'mawa ngongole yake ili K1,700,000. Katundu anali yemweyo, koma K520,000 inapita. Wophunzira amaphunzitsidwa kuwerengeratu ngozi yotere asanapangane mtengo, ndi kudziwa njira zolipirira kudzera ku banki kuti wogula ndi wogulitsa asanyengane chinkana sanaonanepo maso.

MALAMULO A PA CHIPATA

Chachiwiri ndi malamulo. Dziko la Malawi lili m'mabungwe a SADC ndi COMESA, amene amachepetsa msonkho pa katundu wopangidwa m'mayiko a m'bungwemo. Zambia ili m'mabungwe onse awiri, koma Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000. Tsono lamulo lothandiza munthu pa chipata cha Mchinji silingamuthandize nthawi zonse pa Songwe. Palinso pangano la malonda la Africa yense, la AfCFTA, limene linayamba pa 1 Januwale 2021. Wofuna kupindula ndi mapangano amenewa ayenera kuonetsa kwa a MRA chikalata chotsimikiza dziko limene katunduyo anapangidwira.

Mphunzitsiyo anakumbutsa makolo za mu Epulo 2025, pamene Tanzania inaletsa zokolola za ku Malawi kulowa m'dziko lake, pobwezera chiletso chimene Malawi anaika pa zakudya zina zochokera kunja. Maboma awiriwa anakambirana ndipo chiletsocho chinachotsedwa, koma amalonda ang'onoang'ono anali atavutika kale. Iye anati wophunzira ayenera kuzolowera kutsata nkhani zotere monga mlimi atsata mitambo.

MAPANGANO NDI UBWINO WA KATUNDU

Chachitatu ndi mapangano olembedwa. Anapereka chitsanzo cha khofi wa alimi a ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya, amene amagulitsidwa kunja kudzera m'bungwe la Mzuzu Coffee. Dziko lino lilibe nyanja yamchere, kotero katundu wopita kutali amayenda ulendo wa pamtunda kukafika ku doko la Dar es Salaam, Nacala kapena Beira. Kodi thumba likanyowa pa njira, walakwa ndani? Ngati m'pangano munalembedwa zilembo zitatu zakuti FOB, wogulitsa ndiye mwini ngozi kufikira katundu atakwezedwa m'sitima, ndipo kuyambira pamenepo ngozi ndi ya wogula. Wosadziwa zilembo zimenezi angathe kusayina pepala lomutayitsa phindu la chaka chathunthu.

KOKAPHUNZIRA NDI ZOFUNIKA

Mwana wofuna kulowa yunivesite ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi pa mayeso a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro a zamalonda Masamu ndi ofunika kwambiri. Digiri imatenga zaka zinayi. Sukulu yakale ya Boma yophunzitsa zamalonda ndi MUBAS ya ku Blantyre, imene inali kutchedwa Polytechnic kufikira 2021. Ziliponso sukulu za mipingo ndi za anthu wamba. Mayina a maphunziro amasiyana: kwina amati Business Administration, kwina Commerce, kwina Procurement and Logistics. Chifukwa chake mwana awerenge mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse, asangokopeka ndi dzina.

Apa mphunzitsiyo anachenjeza makolo kolimba. Asanagulitse ng'ombe kapena puloti, ayambe afunsa ngati sukuluyo ndi digiriyo zinavomerezedwa ndi bungwe la NCHE, limene limayang'anira maphunziro apamwamba. Pepala la sukulu yosavomerezeka lingathe kukanidwa pofuna ntchito, ndalama zitapita kale. Ana a m'mabanja osowa angapemphe ngongole ku bungwe la Boma lobwereketsa ophunzira a ku yunivesite, koma akumbukire kuti ngongole imabwezedwa.

Bambo wina wachikulire anaimirira nafunsa kuti: "Aphunzitsi, kodi mwana wanga akatsiriza adzapita kunja kukagwira ntchito?" Mphunzitsiyo anayankha kuti: "Bambo, digiri siilonjeza ndege, ngakhale ntchito ya mu ofesi. Ena amalembedwa ku mabanki, ku makampani onyamula katundu, kwa oombola katundu pa chipata, kapena ku mabungwe a alimi. Ena amadikira nthawi yaitali. Amene amapeza msanga pogwira ndi iwo amene anayamba kale kugwira malonda ndi manja awo."

Kotero analangiza ana kuti pa tchuthi asakhale chabe. Mwana aperekeze amake ku Songwe, awalembere buku la zogula ndi zogulitsa, aone mapepala amene amafunsidwa pa chipata, ndipo aphunzire Chiswahili, pakuti ndicho chilankhulo cha malonda kufikira ku Dar es Salaam. Ngati ntchito imeneyi imusangalatsa, ndalama za sukulu sizidzapita pachabe. Ngati imutopetsa, kuli bwino makolo adziwe tsopano, ng'ombe zikadali m'khola.

Makolo anathokoza mphunzitsiyo, ndipo ambiri anatsalira kufunsa za kalembedwe ka mafomu.