Chifukwa Chake Makapisozi Ena Sakuchizanso

Nkhani yathu lero ndi ya makapisozi.

Matenda ambiri, monga chibayo ndi zilonda za mafinya, amadza ndi tizilombo totchedwa mabakiteriya. Sitioneka ndi maso. Kachilombo kotere kali ndi khoma lokatchinjiriza, lolukidwa ngati nkhokwe ya nsungwi. M'kati mwake muli amisiri oluka khomalo. Asayansi amati amisiriŵa ndi maenzaimu.

M'chaka cha 1928, Alexander Fleming wa ku London anatulukira penisilini. Mankhwalaŵa amagwira manja amisiri aja. Khoma likaleka kulukidwa, kachilombo kamaphulika n'kufa. Amokisilini amagwiranso ntchito chimodzimodzi.

Koma tizilombo tina tili ndi enzaimu ina yonga chikwanje. Imadula penisilini asanafike pa khoma. Asayansi a ku Oxford anaiona enzaimu imeneyi mu 1940. Tina timasintha amisiri athu aja kuti mankhwala asathe kuŵagwira.

Tsono tamverani. Munthu akamwa makapisozi, tizilombo tofooka timafa, tachikwanje timatsala. Nonse mukumdziŵa kaufiti: mukasiya mmodzi m'munda, chaka chamaŵa wadzaza. Tizilombo timaposa pamenepo, pakuti tina timaswana pa mphindi 20 zilizonse, ndipo timapatsirana chikwanje chija.

Zimenezi zafika kwathu kuno. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala anapima tizilombo ta Klebsiella topezeka m'magazi a odwala. Mu 2003, tizilombo 12 pa 100 tinali tosamva jakisoni wamphamvu wa ceftriaxone. Pofika 2016 tinakwana 90 pa 100. Tizilomboti timapha makamaka ana akhanda.

Nanga ife tichitenji?

Choyamba, tisagule makapisozi pamsika kapena pa golosale. Tipite ku chipatala akatipime.

Chachiŵiri, chimfine chimadza ndi vairasi. Vairasi alibe khoma lija, choncho penisilini sangamuphe. Adokotala akati simufunika makapisozi, musakwiye.

Chachitatu, imwani mankhwala monga akuuzirani a chipatala. Musagaŵireko mnansi, musasungire tsiku lina.

Chachinayi, chitopa cha nkhuku nachonso ndi vairasi. Kusungunula kapisozi m'madzi a nkhuku n'kungotaya ndalama. Funsani alangizi a ziŵeto za katemera.

Chachisanu, tizisamba m'manja ndi sopo, tizimwa madzi aukhondo, ndipo ana alandire katemera yense. Wosadwala safuna kapisozi.

Amayi ndi abambo, kapisozi aliyense womwedwa popanda chifukwa amasiya tizilombo tachikwanje tikuchuluka m'mudzi mwathu. Tsiku lina mdzukulu wanu adzadwala chibayo usiku. Tisamale mankhwalaŵa lero kuti tsiku limenelo adzamchize.