Samalani Tcheni cha Njinga Yanu

Lero tikambirane za njinga ya magiya. Njinga imeneyi imakwera zitunda mosavuta, koma moyo wake uli pa tcheni.

Fumbi likasakanizika ndi oilo limadya tcheni. Choncho Loweruka lililonse pukutani tcheni ndi kansanza. Kenaka donthezani oilo pang'ono, ndi kupukutanso wotsalayo. Mukayenda m'matope, tsukani njinga musanagone.

Sinthani giya mukupalasa, musanayambe chitunda. Mukasintha muli pakati pa chitunda, mutanyamula thumba la chimanga, tcheni chingathe kuduka.

Ngati njinga yanu ndi yamagetsi, musasiye batire padzuwa kapena pafupi ndi moto.

Kumbukirani, tsiku lina njingayi idzanyamula wodwala kupita kuchipatala usiku. Tcheni chisadzaduke panjira.