Mudzi Umene Unadzitsekera Wokha: Kuyenda Pansi ku Eyam



Nkhani ya lero ikuchokera kutali, m'chigawo cha Derbyshire m'dziko la England, kumene kuli mudzi wotchedwa Eyam. Eni ake satchula dzinali monga limalembedwera, amangoti "Iimu". Mudziwu unakhazikika pakati pa zitunda za Peak District, makilomita pafupifupi 20 kuchokera mumzinda wa Sheffield, ndipo anthu okhalamo ndi pafupifupi 1,000. Makolo awo ankakumba mtovu m'migodi ndi kuweta nkhosa. Koma chimene chimakoka alendo chaka ndi chaka si migodiyo ayi, ndi maliro amene anagwa m'mudzimo zaka zoposa 350 zapitazo, amene eni mudzi akana kuwaiwala.

Mlendo wofuna kuumva bwino mudziwu ayenera kusiya galimoto ndi kuyenda pansi. Ulendo umayambira pa tchalitchi cha St Lawrence. Pabwalo lake pali mtanda wamwala wogobedwa mwaluso, umene unasemedwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo pakhoma pali wotchi yoyendera mthunzi wa dzuwa, ya m'chaka cha 1775. Izi n'zokongola, koma mlendo sachedwapo, pakuti pafupi pomwepo pali tinyumba tamiyala toyandikana, ndipo kutsogolo kwake kuli zikwangwani zolembedwa maina a anthu amene anaferamo.

M'nyumba imodzi mwa izo munkakhala telala, Alexander Hadfield. Chakumapeto kwa chilimwe cha 1665 analandira mtolo wa nsalu kuchokera ku London, kumene mliri unali utavuta kale. Womuthandiza wake, George Viccars, anamasula mtolowo, naona kuti nsaluzo zinali zachinyontho, naziyanika pafupi ndi moto. M'nsaluzo munali nthata zonyamula matenda. Patangopita masiku ochepa Viccars anamwalira, ndipo anaikidwa m'manda pa 7 Seputembala 1665. Posakhalitsa mwana wa m'nyumba momwemo anatsatira, kenaka anansi. M'nyumba yoyandikana nayo munkakhala banja la Thorpe, la anthu 9, ndipo sipanatsale ndi mmodzi yemwe. Anthu a nthawi imeneyo sankadziwa chowapha. Ena ankati ndi mpweya woipa, ena ankati ndi mkwiyo wa Mulungu. Kachirombo koyambitsa mliriwu kanadzadziwika m'chaka cha 1894, pamene Alexandre Yersin anakapeza ku Hong Kong.

Nyengo yozizira itafika imfa zinachepa, ndipo anthu anayesa kuti zatha. Koma kutayambanso kufunda m'chaka cha 1666 mliri unabwerera mwaukali. Apa ndi pamene mbiri ya Eyam inasiyanirana ndi ya midzi ina. M'mudzimo munali abusa awiri amene sankamwera chikho chimodzi. William Mompesson anali wachinyamata ndiponso wobwera, wotumizidwa ndi mpingo wa Church of England. Thomas Stanley anali mbusa wakale, amene anachotsedwa paudindo chifukwa chokana malamulo atsopano a mpingowo, koma anthu ambiri ankamukhulupirirabe. Wina anali ndi udindo, wina anali ndi mitima ya anthu, ndipo poti mutu umodzi susenza denga, anaika pambali kusiyana kwawo. Mu Juni 1666 anasonkhanitsa mudzi, nagwirizana zinthu zitatu: kuti mapemphero azichitikira panja, kuti banja lililonse liziika lokha maliro ake pafupi ndi nyumba, ndiponso kuti munthu aliyense asatuluke kapena kulowa m'mudzimo mpaka mliri utatha.

Mfundo yachitatuyo ndi imene imatchuka, koma yachiwiri ndi yowawa koposa, ndipo munthu wokulira m'mudzi wa mfumu aimva msanga. Panalibe adzukulu okumba manda, panalibe ogona pa siwa, panalibe amayi obwera ndi ufa ndi nkhuni kudzapepesa. Woferedwa ankakumba yekha dzenje, nakoka yekha mtembo wa m'bale wake.

Kuti mlendo aone tanthauzo la zimenezi ayenera kutsata kanjira kolowera kum'mawa, kokwera pang'ono, mpaka kufika pabusa lina loonekera patali. Pakati pa busalo pali kampanda kamiyala kozungulira manda a banja la Hancock, otchedwa Riley Graves. Mu Ogasiti 1666, m'masiku 8 okha, mayi Elizabeth Hancock anaika pamenepo mwamuna wake ndi ana ake 6. Mbiri ya m'mudzimo imati anthu a m'mudzi woyandikana nawo wa Stoney Middleton ankamuonera patali ali pachitunda, osatha kumuyandikira. Iyeyo sanadwale. Lero malowa akusamalidwa ndi bungwe la National Trust, ndipo palibe chipilala chachitali, palibe maluwa apulasitiki. Pali miyala yolembedwa maina, udzu, ndi nkhosa zikudya kunja kwa mpanda. Kusakometsera kumeneku n'kwanzeru. Malo achisoni akakongoletsedwa mopitirira, mlendo amayamba kuyang'ana zokongoletsazo n'kuiwala amene agona pansipo.

Njira ina imatuluka m'mudzi kudzera pa kamsewu ka Lydgate, n'kudutsa m'mabusa kulowera ku Stoney Middleton. Pamalire a midzi iwiriyi pali mwala umene munthu wosauzidwa angaudutse osauzindikira. Pamwamba pake panabooledwa timaenje. Anthu a ku Eyam ankathira viniga m'timaenjemo n'kuponyamo ndalama zachitsulo, pokhulupirira kuti vinigayo apha matenda, ndipo amalonda akunja ankasiya chakudya pamwalapo, n'kutenga ndalamazo eni ake atabwerera m'mbuyo. Kumpoto kwa mudzi kuli kasupe wotchedwa Mompesson's Well, pamene pankachitikanso zofananazo, ndalama zikutsukidwa m'madzi. Chakudya china chinkachokera kwa mfumu yaikulu ya deralo, Earl of Devonshire, wa ku Chatsworth. Kuwolowa manja kwake kumatamandidwa, ndipo n'koyenera. Komabe nyumba yake inali pafupi, ndipo mudzi wokhuta sukanakhala ndi chifukwa chodumphira malire n'kumufikitsira mliri pakhomo.

Kuyenda m'njira zimenezi kuli ndi mbiri yakeyake. Mabusa amene mlendo amadutsamo ali ndi eni ake, koma lamulo la ku England limateteza njira zakale za anthu oyenda pansi, kotero kuti mwini munda saloledwa kuzitseka. Pamene njira yakumana ndi mpanda wamiyala pamakhala makwerero, kapena kampata kopapatiza koti munthu apite koma nkhosa ikanike. Ufulu woyenda m'mapiri a kumeneko sunabwere ngati mphatso. Mu Epulo 1932 anthu mazanamazana, ambiri a iwo antchito a m'mafakitale a ku Manchester, anakwera phiri la Kinder Scout mosamvera eni malo, ndipo ena anatsekeredwa m'ndende. M'chaka cha 1951 Peak District inakhala dera loyamba m'dzikomo kutetezedwa ndi boma kuti anthu onse azisangalala nalo. Woyenda amangopemphedwa kusiya zipata monga wazipezera, kusachoka m'njira, ndi kugwira galu wake pachingwe pafupi ndi ziweto. Nsapato zolimba ndi chovala cha mvula n'zofunika ngakhale kutacha bwino.

Mliri unatha mu Novembala 1666, utatenga anthu pafupifupi 260 m'miyezi 14. Mwezi wa Ogasiti wokha unatenga oposa 70, ndipo mmodzi wa iwo anali Catherine, mkazi wa Mompesson. Ana awo anali atatumizidwa kwina mudzi usanatsekedwe, koma iye anakana kusiya mwamuna wake. Manda ake ali pabwalo la tchalitchi.

Akatswiri a mbiri yakale sagwirizana pa zonse zimene zimanenedwa za Eyam. Zambiri zimene alendo amamva zinalembedwa ndi William Wood, mwana wa m'mudzi momwemo, m'buku limene linatuluka m'chaka cha 1842, patapita mibadwo ingapo mliri utatha, ndipo iye anatola nkhanizo pakamwa pa okalamba. Mwa nkhani zotere muli ya Emmott Sydall ndi bwenzi lake Rowland Torre wa ku Stoney Middleton, amene akuti ankaonana patali, chigwa chili pakati pawo, mpaka tsiku limene namwaliyo sanabwerenso. Kuti Emmott anamwalira ndi mliri, kaundula wa tchalitchi akuchitira umboni; zokumana kuchigwazo ndi za pakamwa. Palinso funso lolemera: kodi kudzitsekerako kunapulumutsa midzi yoyandikana, kapena kunangochulukitsa imfa mwa kusunga athanzi pamodzi ndi odwala? Ofufuza ena amati zonse ziwiri n'zoona. Chotamandika n'chakuti mudziwu sunasiye mbiri yake m'manja mwa anthu ongofotokoza zokoma. Maina a omwalira, amene anatengedwa m'kaundula, alembedwa m'tchalitchi kuti aliyense adziwerengere, ndipo m'mudzimo muli nyumba yosungiramo zinthu zakale, yotsegulidwa m'chaka cha 1994, imene imafotokoza za matendawo pamodzi ndi za migodi. Nkhani ya pakamwa ndi ya m'kaundula zaikidwa pamodzi, iliyonse ikudziwika kumene yachokera.

Malo otsiriza ali kummwera kwa mudzi, pafupi ndi nyumba yaikulu ya Eyam Hall imene banja la Wright linamanga patangopita zaka zochepa mliri utatha. Ndi kachigwa kotchedwa Cucklett Delf, kokhala ndi thanthwe lobooka pakati ngati khomo. Apa ndi pamene Mompesson ankaimirira polalikira, mabanja atakhala motalikirana pa udzu. Chaka chilichonse, Lamulungu lotsiriza la mwezi wa Ogasiti, anthu amanyamuka pa tchalitchi n'kuyenda pamodzi kupita kuchigwako, ena atavala zovala zonga za makolo awo, ndipo mapemphero amachitikira panja monga mu 1666. Tsiku lomwelo pamanda a Catherine Mompesson pamaikidwa nkhata ya maluwa ofiira.